Ulendo wa ku Mutare: kupita ndi kubwera tsiku lomwelo, zitheka?

Bambo Phiri (wapampando): Moni nonse abale ndi alongo. Paja pa msonkhano wa ku Highfield kuno ku Harare tinagwirizana kuti chaka chino tisamangokumana pamaliro pokha, tikawongoleko miyendo. Maganizo amene anapambana ndi opita ku Mutare kukaona ma cathedral ndi matchalitchi akale. Tsiku ndi Loweruka lomaliza la Ogasiti. Kupita m'mawa, kubwera tsiku lomwelo, za kugona kulibe. Amene muli ndi maganizo lankhulani lero, osati tili kale mu kombi.

NaBanda (msungichuma): Zikomo a wapampando. Ine langa ndi limodzi: amene sanapereke sakwera. Ngongole za chaka chatha zikadali m'kope langa, mayina sinditchula koma eni ake akudzidziwa.

Chikondi: Ine ndalemba kale dzina! Koma tikafikenso ku Vumba chonde, kuli malo okongola ojambulitsa. Ndiye pobwera tidzere pa Sakubva tikasankheko kaunjika, kumeneko mabelo amatsegula otsika mtengo kusiyana ndi ku Mbare.

Amake Tadala: Ine bola tikayambe ndi Holy Trinity, tchalitchi chathu cha Akatolika. Tikafika m'mawa mwina tikapeza Misa.

Aphunzitsi Mwale: Ngati tikupita ku Manicaland ndiye pali malo amene munthu sangawadumphe. Malo okumbukira Bernard Mizeki pafupi ndi Marondera, St Augustine's ku Penhalonga, Old Mutare, St John's m'tauni, Cross Kopje, komanso nyumba yosungiramo zinthu zakale ija. Zonsezi zili ndi mbiri yake ndipo ndidzafotokoza m'njira.

Che Saidi: Aphunzitsi, mwawerenga malo angati pamenepa? Asanu ndi limodzi. Kuphatikiza Vumba ya Chikondi, Sakubva, ndi Misa ya amake Tadala. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ine msewu umenewu ndauyenda zaka zambiri ndi thiraki popita ku Beira. Kuchoka Harare kufika Mutare ndi makilomita 263. Pa galimoto yaing'ono munthu amati maola atatu ndi theka, koma kombi yodzaza, ya anthu akuluakulu ofuna kutsika pa Marondera, kutsikanso pa Rusape, werengerani maola anayi ndi theka. Kupita ndi kubwera ndi maola 9 muli pampando. Tsiku latsala lingati?

Chikondi: Eee Che Saidi, mwayamba kale kutidula mapiko.

Che Saidi: Sindikudula mapiko mwanangu, ndikuwerenga dzuwa. Ogasiti ikamakwana 6 koloko kunja kwada. Msewu umenewu usiku ndi wa mathiraki ochokera ku malire a Forbes, magetsi awo amakuthobwa m'maso, ndiye pakati pa Nyazura ndi Headlands ng'ombe zimangodutsa. Ine ndimafuna mdima udzatipeze tadutsa kale Marondera.

Mkulu wa mpingo Mbewe: Ndifunseko ine wa CCAP. Mawu akuti cathedral mukuwatchulatchulawa, kusiyana kwake ndi tchalitchi wamba n'chiyani? Kukula kwa nyumba kapena? Chifukwa ngati ndi kukula, ifenso kwathu ku Nkhoma chilipo chachikulu ndithu.

Aphunzitsi Mwale: Si kukula ayi akulu a mpingo. Cathedral ndi tchalitchi chimene muli mpando wa bishopu wa dayosizi. Chingakhale chaching'ono, bola mpandowo ulimo. Ndiye inu a CCAP poti mulibe mabishopu, mulibenso cathedral, ngakhale mutamanga nyumba yofika kumitambo. St Michael and All Angels ya ku Blantyre, imene a David Clement Scott anamanga kuyambira 1888 mpaka 1891, anthu ambiri amaitcha cathedral poona maonekedwe, koma si cathedral. Ya ku Likoma ija, St Peter's, ndiye cathedral yeniyeni. Ku Mutare zilipo ziwiri: St John the Baptist ya ife a Anglican, ndi Holy Trinity ya Akatolika.

Mkulu wa mpingo Mbewe: Ndamva. Ndiye kuti tikuyenda makilomita 263 kukaona mipando iwiri.

Amake Tadala: Kkkkk akulu a mpingo inu! Mpando wathuwo si wamasewera. Anakhalapo Ambuye Donal Lamont, episkopi woyamba wa Mutare, wa ku Ireland. Nthawi ya nkhondo boma la Smith linawaimba mlandu mu 1976 chifukwa chokana kuneneza anyamata a m'tchire amene ankabwera kudzafuna mankhwala pa mishoni. Anawagamula zaka 10, kenako mu 1977 anangowathamangitsa m'dziko muno. Amayi anga ankawatchula m'mapemphero madzulo aliwonse.

Mkulu wa mpingo Mbewe: Pepani mayi, ndimangocheza. Dzina limenelo ndimalidziwa, tinkalimva pa wailesi mobisa.

NaBanda: Mbiri ndi yabwino koma tiyeni tikambe za ndalama. Ndafunsa eni makombi awiri. Wina akuti madola 280 mafuta ake, ife tilipire ma tollgate. Winayo akuti 240 koma ndaiona kombi yake, matayala ake ndi osalala ngati mutu wa a Mbewe.

Mkulu wa mpingo Mbewe: Anabanda, dazi langa lalakwanji pa nkhani ya matayala?

Bambo Phiri: Ya 240 ija ayi. Simunaiwale za chaka chija tinkapita ku ukwati ku Rusape. Tinathamangira yotchipa, inatithera pa Macheke, dalaivala n'kutiuza kuti akukagula kachitsulo kamodzi abwera pompano. Tinakhala pansi pa mtengo maola anayi, azimayi atavala zaukwati, keke ikusungunuka pamiyendo pa amake Tadala. Tinafika anthu akuchotsa matenti.

Amake Tadala: Musandikumbutse. Chitenje chija mpaka lero chili ndi banga.

Che Saidi: Ya 280 ija ndikaiona ndekha Lachitatu. Ndikaona matayala, mabuleki, tayala lapadera, jeki, ndi mapepala ake onse, chifukwa apolisi a pamsewu akapeza chosowa ndi ife tidzachedwe. Mabuleki makamaka. Kutsika Christmas Pass ndi kombi yodzaza si nthabwala, msewu ndi wokhotakhota ndipo mathiraki amatsika pang'onopang'ono ngati nkhono. Komanso anthu asapitirire 15. Zokhala anayianayi pampando ngati tikupita ku Mufakose, maola anayi, agogo sangathe.

Yamikani: Moni makolo nonse. Pepani kulowerera nkhani za akuluakulu. Ndine mdzukulu wa agogo Nachisale a ku Tafara, foni yawo ndi yaing'ono ija ndiye ndimawawerengera za pa gulu. Ndawawerengera zonsezi ndipo atamva dzina la Penhalonga anakhala chete kanthawi. Kenako andiuza kuti ndilembe izi momwe akunenera.

Akuti iwo anabadwira kumeneko, mu komboni ya mgodi wa golide. Bambo awo anachoka ku Dedza wapansi ali mnyamata, kudzera ku Tete, n'kudzalembedwa ntchito ya pansi pa mgodi. Anamwalira ndi chifuwa agogo ali ndi zaka ngati 9, ndipo anaikidwa kumanda a pa komboni pomwepo. Amayi awo anawatenga n'kubwera kuno ku Salisbury kwa achimwene awo, ndipo chichokereni agogo sanapondeko. Akuti akukumbuka phiri, mtsinje, ndi belu la ku mishoni limene linkamveka m'mawa. Akuti matchalitchi a m'tauni alibe nawo mawu, koma ngati galimoto ikafike ku Penhalonga, iwo alipira kawiri.

Amake Tadala: Mayo ine. Agogo Nachisale takhala nawo zaka zonsezi, kuphika nawo pamaliro, osatiuzako.

NaBanda: Kulipira kawiri ayi. Agogo sapereka kanthu, mpando wawo ndi wa Yamikani tigawana tonse. Izi ndanena ine msungichuma, ndipo mukudziwa kuti sindinena kawirikawiri.

Bambo Phiri: Yamikani, uwauze agogo kuti tamva. Abale, ndikuona ngati ulendo wapeza mutu wake. Tiyambe ndi Penhalonga, zina zonse zitsatire ngati nthawi ilola. Aphunzitsi, njira yake ikuyenda bwanji?

Aphunzitsi Mwale: Zikutheka bwinobwino, ndipo sitipotoka kwambiri. Usanakwere Christmas Pass pali mphambano yokhotera kumanzere. Penhalonga ili pafupifupi makilomita 18 kumpoto kwa Mutare, kufupi ndi malire a Mozambique. Belu limene agogo akukumbukalo ndikhulupirira ndi la St Augustine's. Mishoni imeneyi chiyambi chake ndi Bishopu Knight-Bruce amene anafika dera limenelo mu 1891, ndipo mu 1939 ndi pamene panatsegulidwa sekondale yoyamba ya ana achikuda m'dziko muno. A Herbert Chitepo, mmodzi mwa atsogoleri omenyera ufulu wa dziko lino, anaphunzira pamenepo. Tchalitchi chake ndi cha njerwa, chachitali, cha nsanja ziwiri, chili pamtunda moti umachionera patali. Kunena zoona, ngakhale ndine wa Anglican ndipo St John's ndi likulu lathu kumeneko, chimene chimagwira mtima ndi cha ku mishonichi. Ukalowa mkati mawu amatsika okha.

Ndiye pali kena kamene a Mbewe akakondwere nako. M'tauni ya Penhalonga muli katchalitchi ka malata, khoma ndi denga lomwe, ka mu 1906. Dzina lake? St Michael and All Angels, ngati cha ku Blantyre chija.

Mkulu wa mpingo Mbewe: Basi kameneko ndiye kanga. Mukandijambule nditaima pakhomo, ndikatumize kwa achimwene ku Ndirande ndiwauze kuti yathu kuno ndi ya malata koma dzina ndi lomwelo.

Che Saidi: Koma ndinene chinthu chimodzi Yamikani asawalonjeze agogo zambiri. Penhalonga ya lero si imene anaisiya. Makorokoza, anthu okumba golide paokha, akumba paliponse, m'mapiri ndi m'mphepete mwa mtsinje, maenje okhaokha, madzi ofiira. Makomboni ena akale anagwa. Manda a anthu athu nthawi imeneyo ambiri analibe mwala wolembedwa, chinali chitsulo kapena mtengo basi. Mwina tikapeza, mwina ayi.

Yamikani: Ndawauza. Akuti akudziwa, sakuyembekeza kupeza dzina lolembedwa. Akuti akangoona phirilo ndi kuponda dothi lake, kwawo kwatha. Koma akuti kumanda kunali mtengo waukulu wa mkuyu, ngati sanaudule adzauzindikira.

Mkulu wa mpingo Mbewe: Kumigodi konse kumene kunali anthu athu kumakhala otsala. Sipangalephere kupezeka nkhalamba yolankhula Chinyanja imene ikudziwa kumene kunali manda a pa komboni. Ndifunsa kudzera ku mpingo, abusa athu ali ndi anzawo ku Mutare. Tikapeze munthu wotidikira, osati kukayamba kufunsa m'misewu ngati otayika. Ndiponso kumanda kwa eni sitilowa ngati pamsika, pamafunika kupempha kwa akuluakulu a pamalopo.

Amake Tadala: Zoona. Safunsa anadya phula. Ndipo ku matchalitchi komwe tiimbiretu foni. Loweruka ndi tsiku la maukwati, tingakafike pa Holy Trinity n'kupeza mkwatibwi ali pakhomo, ife ndi mabasiketi athu a nkhuku. Ku St Augustine's ndi pasukulu, pali geti, sungangolowa ndi kombi yodzaza anthu osadziwika. Za Misa ndasiya, ndaona kuti m'mawa tidzakhala ku Penhalonga. Ndikangolowa, kugwada pang'ono, basi.

Aphunzitsi Mwale: Ku St Augustine's ndi ku St John's ndiimba ine. Koma a wapampando, Bernard Mizeki tisamudumphe. Munthu ameneyu anali mlendo m'dziko muno ngati makolo athu. Anabadwira kufupi ndi Inhambane ku Mozambique, anakabatizidwira ku Cape Town, anabwera kuno ndi Knight-Bruce yemweyo mu 1891 ngati mphunzitsi wa mawu a Mulungu, anaphunzira Chishona mpaka kumamasulira mapemphero, n'kuphedwa pa 18 Juni 1896. Nkhani yake ndi ya St Augustine's ndi chingwe chimodzi.

Che Saidi: Aphunzitsi, malo amenewo sali pamsewu, umakhota pa Marondera n'kulowa mkati. Kupita, kuona, kupemphera, kubwerera pa tara, ola ndi theka lapita. Marondera ndi pakhomo pathu, makilomita 70 ndi pang'ono. Tidzapite tsiku lina lapadera, kapena mu Juni pamene anzanu amakasonkhana kumeneko.

Bambo Phiri: Che Saidi anena zoona. Mizeki tsiku lina. Mukatifotokozere nkhani yake mu kombi tikamadutsa Marondera, nthawi imeneyo anthu adzakhala atadzuka.

Aphunzitsi Mwale: Chabwino, ndagonja. Koma Old Mutare ndiye ili mbali yomweyo ya Penhalonga. Ngakhale kungodutsa pang'onopang'ono. Anthu ambiri sadziwa kuti tauni ya Mutare inasamuka. Inali kuseri kwa phiri, koma njanji yochokera ku Beira sikanatha kukwera mapiri amenewo, ndiye mu 1896 anaganiza zosamutsa tauni kuitengera kumene njanji idzadutse. Sitima inafika mu 1898. Malo akalewo ndi nyumba zake anapatsa Bishopu Hartzell wa Methodist, ndiye mishoni ya Old Mutare imeneyo, ndipo Africa University imene inatsegulidwa mu 1992 ili pomwepo. Dzina lakale la tauniyi loti Umtali linasinthidwa kukhala Mutare mu 1982.

Chikondi: Aphunzitsi mukatipatsanso mayeso pobwera? Kkkk. Koma nanga Vumba yanga yafera pati?

NaBanda: Yafera pa Christmas Pass mwanangu. Ukajambulitse pamenepo, tauni yonse imaoneka pansi ngati m'mbale.

Che Saidi: Vumba ndi makilomita ena 30 kupitirira tauni, kukwera kokhakokha. Ndiponso kukachita chiperoni, chimene anzathu kuno amati guti, ukajambula nkhungu yokha. Vumba imafuna kugona. Ukadzapeza banja akakutengere kumeneko.

Chikondi: Che Saidi!! Chabwino. Nanga Sakubva? Theka la ola lokha.

Amake Tadala: Iwe Chikondi, unayamba waona mzimayi walowa pa kaunjika n'kutuluka pa theka la ola? Ineyo ndikudzidziwa. Tikalowa pamenepo tidzafika ku Harare Lamulungu.

Bambo Phiri: Sakubva ayi. Ndatseka.

Mkulu wa mpingo Mbewe: Nanga mtanda uja umaoneka pamwamba pa phiri ukakhala m'tauni? Ndinkaganiza kuti ndi wa tchalitchi.

Aphunzitsi Mwale: Umenewo ndi Cross Kopje, si wa tchalitchi. Anaumanga a Methuen m'zaka za m'ma 1920 pokumbukira asilikali achikuda amene anafa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse ku East Africa. Ndipo pa asilikali amene analembedwa m'dziko muno nthawi imeneyo, ambiri anali anyamata ochokera ku Nyasaland amene anabwera kudzagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu. Ndiye mtandawo ukutikhudza. Koma kukwera kwake ndi kwa miyendo, ndipo mawondo anga ndi a a Mbewe sangagwirizane nazo. Tidzauonera pansi.

NaBanda: Tsopano chakudya. Zogula m'njira ayi, zimadula ndipo chenji chimavuta, udzapereka madola 5 n'kupatsidwa maswiti. Aliyense asanyamule zakezake, tiphike pamodzi Lachisanu madzulo kwathu ku Mufakose. Mpunga, nkhuku, kabichi, mazira owiritsa, mandasi a m'mawa, tiyi m'mafulasiki. Nsima yozizira palibe angaidye.

Mkulu wa mpingo Mbewe: Tsiku lonse osadya nsima? Ndiye kuti tagona ndi njala.

NaBanda: Mukadya kwanu usiku akulu a mpingo, amayi akakusungirani mkute.

Che Saidi: Nkhukuzo ndidzazinga ine Lachisanu ndikachoka ku Juma, kuti tonse tidye mbale imodzi. Bweretsani zamoyo, osati za m'firiji.

Amake Tadala: Paja Che Saidi mukalowa nafe m'tchalitchi?

Che Saidi: Bwanji osalowa? Pa maliro a amuna anu ndinakhala panja? Ndikalowa, ndipo mukandiona ndikuvula nsapato pakhomo musaseke, ndi chizolowezi. Swala yanga ndikaswalira pambali nthawi ya chakudya, wapaulendo amaloledwa kuphatikiza.

Bambo Phiri: Ndiye ndondomeko ili motere, amene akutsutsa atsutse lero. Kombi iyamba kutenga a ku Mufakose ndi Highfield 4:30, a ku Mbare ndi Dzivarasekwa tikumane m'tauni pa Fourth, a ku Mabvuku ndi Tafara tikutengani pamsewu wa Mutare kuti agogo asavutike ndi kubwera m'tauni usiku. Pofika 5:30 tikhale tatuluka. Kuima kamodzi pa Rusape, mphindi 15. Penhalonga cha m'ma 10, kuyamba ndi za agogo, osawathamangitsa. Kenako St Augustine's ndi katchalitchi ka malata ka a Mbewe. Old Mutare tidzaona nthawi. Kudya. Christmas Pass chithunzi cha Chikondi. M'tauni matchalitchi awiri aja, ndipo 2:30 kombi yayang'ana ku Harare, kaya wina ali m'chimbudzi.

Che Saidi: Mwaika zambiri pakati pa 10 ndi 2:30, koma tiyeni. Chikachepa nthawi, chodula ndi cha m'tauni, osati cha agogo.

Amake Tadala: Ndavomera, ngakhale Holy Trinity ndi yanga. Sithawa.

Aphunzitsi Mwale: Inenso St John's ndaipereka. Koma zikatero ulendo wa ma cathedral udzakhala wopanda cathedral ndi imodzi yomwe.

Mkulu wa mpingo Mbewe: Mipando iwiri ija idzatidikira aphunzitsi.

NaBanda: Masamu ndi awa. Anthu 15, olipira 13 poti agogo ndi Yamikani tawachotsa. Aliyense madola 28. Zonse pamodzi 364. Kombi 280, zotsala 84 ndi za ma tollgate, nkhuku ndi mpunga, kangachepe kosiya m'mbale ku matchalitchi, ndi ka sopo ka munthu amene akatilondolere kumanda. Ndalama zifike kwa ine pofika pa 20. Za pa foni za EcoCash ndilandira koma muonjezere yochotsera. Madola ong'ambika sindilandira, mwini kombi amakana.

Chikondi: 28 yachuluka anti, ena tikudikira malipiro a pa 25.

NaBanda: Iwe upereke theka pa 20, theka pa 25. Koma iwe wekha, ena asaonerepo mwayi.

Bambo Phiri: Musaiwale zitupa, kumeneko ndi kumalire ndipo pamakhala zotchinga za apolisi. Majuzi nawonso, Marondera m'mawa kumazizira ngati ku Dedza. Azimayi zitenje, anyamata makabudula ayi, tikupita kumanda ndi ku nyumba zopemphereramo.

Yamikani: Agogo akuthokoza nonse, akuti Mulungu akudalitseni. Akufunsa ngati mu kombi mungapezeke malo a khasu laling'ono ndi tsache. Akuti mkuyu ukapezeka sangachoke osalambulapo.

Che Saidi: Malo alipo pansi pa mpando wakumbuyo. Khasu asavutike, ndibweretsa langa, lawolo ndi lolemera.

Amake Tadala: Tsache ndi langa. Yamikani, uwafunse agogo dzina la bambo awo ndi mfunda wawo, a Mbewe akauze munthu wa kumeneko ayambiretu kufunsa.

Yamikani: Agona tsopano. Ndiwafunsa m'mawa akamamwa tiyi.